Chimene Chimakokera Nsalu Pansi pa Makina Oluka Majuzi

Singano ya makina oluka imadziwa zinthu ziwiri basi, kukwera ndi kutsika. Ikakwera imakatenga ulusi watsopano, ikatsika imaulowetsa mu sitichi yakale, apo sitichi yatsopano yabadwa. Koma payokha siitha kudzivula sitichi yakaleyo. Pamene singano ikukwera, sitichi imene ili m'ngowe mwake imafuna kukwera nayo limodzi, poti ulusi umakakamira pachitsulo. Pamafunika china choigwira kuti itsalire, singano idutse, mpaka sitichiyo igwere kuseri kwa kalilime kamene kamatseka ndi kutsegula ngoweyo. Ikapanda kugwera kuseriko, singano imatenga ulusi watsopano wakale uli m'ngowe momwemo. Mzere wotsatira zimatero ndithu, ndipo pakangopita mizere ingapo pamaunjikana chimfundo cha ulusi chothyola masingano. Potsika naponso pali ntchito. Sitichi yakale ikangovuka pamutu pa singano iyenera kuchoka panjira msanga, kuopa kuti singano pokweranso ingailowe kachiwiri.

Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi gawo la makina limene ogula ambiri saliyang'ana n'komwe, chifukwa limakhala kunsi, kuseri kwa zitseko zachitsulo. Maso a anthu amathamangira pa kompyuta, pa liwiro ndi pa kuchuluka kwa mitundu ya ulusi imene makinawo angaluke nthawi imodzi. Ine ndimaona kuti chimene makina angathe kuluka ndi chimene sangathe chimagamulidwa kunsiko, ndipo mbiri yonse ya makinawa ndi nkhani ya anthu amene akhala akuyesetsa kusendeza mphamvu yokokayo kufupi ndi singano ndi kuigawa m'zigawo zing'onozing'ono.

Makina amene tikunena ndi aja oluka majuzi, makolala a malaya a gofu, masikafu, zipewa za ulusi ndi nsalu ya pamwamba pa nsapato zothamangira. Ali ndi mabedi awiri a masingano, lakutsogolo ndi lakumbuyo, opendekeka moyang'anizana ngati chilembo cha V chozondoka. Pamwamba pake pamayenda ngolo, kupita kumanja n'kubwerera kumanzere, ndipo m'mimba mwa ngoloyo muli tinjira tachitsulo timene timakankha singano iliyonse kuti ikwere kapena itsike. Pakati pa mabedi awiriwo pali mpata wa mamilimita owerengeka, ndipo nsalu ikamalukika imatsikira mumpatamo. Kuchuluka kwa masingano pa inchi imodzi kumatchedwa geji. Makina a geji 3 kapena 5 amaluka majuzi okhuthala, a geji 12 kapena 14 amaluka opyapyala. Makina a geji 12 okhala ndi bedi la mainchesi 50 ali ndi masingano pafupifupi 600 bedi lililonse, ndipo singano iliyonse imafuna kuti sitichi yake ikokedwe mokwanira, osaperewera komanso osapitirira.

Yankho loyamba linali kulemera. William Lee wa ku Calverton, kufupi ndi Nottingham ku England, atapanga makina oluka masokosi mu 1589, oluka ankapachika zitsulo zolemera kunsi kwa nsalu. M'busa wa ku America, Isaac Lamb, atatulukira makina a mabedi awiriwa mu 1863, njira inali yomweyo. Inapitirira pamakina okankha ndi manja amene Dubied ankapanga ku Couvet m'dziko la Switzerland atagula chilolezo cha Lamb mu 1867, komanso pa a Stoll, kampani ya ku Germany imene inayamba mu 1873. Amene anaonapo mayi akuluka majuzi a sukulu kapena mashawelo a makanda pamakina a patebulo a Brother kapena Empisal akuidziwa kale njirayi: chipeso chachitali chokoleka mzere woyamba, zitsulo zolendewera pachipesocho, ndi tizitsulo tina ta zikhadabo timene mayiyo amatikoleka m'mphepete mwa nsalu n'kumatikweza pakapita mizere ingapo.

Tisachinyoze chitsulo cholendewera. Chili ndi ubwino umene akatswiri akhala akuusakasaka m'mamota awo mpaka lero. Chimakoka ndi mphamvu imodzimodzi nthawi zonse, ndipo nsalu ikakula ndi mzere umodzi icho chimatsika ndi mzere umodzi. Tsoka lake n'lakuti chimafika pansi. Woluka aime, awerame, achikweze, ayambenso. Pamakina okankha ndi manja zimenezi n'zopiririka, koma makina oyenda ndi mota usana ndi usiku sangamadikire munthu wokweza zitsulo.

Choncho nsalu anayamba kuipanitsa pakati pa marola, mipini yozungulira yachitsulo yokutidwa ndi labala, yotalika mofanana ndi bedi. Rola yaikulu imazungulira, ndipo timarola ting'onoting'ono timakanikiza nsalu pa iyo ndi mphamvu ya masipuling'i. Pamakina akale rolayo inkayenda ndi wilo la mano limene kachitsulo kankalikankha pang'ono ngolo ikamayenda, ndipo mmisiri ankawonjezera kapena kuchepetsa mphamvu posuntha cholemera chimene chinali pamkono wa chipangizocho. Kwa nsalu yosasintha m'lifupi, yoluka sitichi imodzimodzi kuyambira mmawa mpaka madzulo, njira imeneyi ilibe mnzake. Mafakitale anaigwiritsa ntchito zaka zambiri, akuluka zinsalu zazitali zimene ankazidula ndi lumo n'kusoka majuzi.

Komabe ngakhale pansalu yosavutayo panali kale vuto. Masingano amagwira nsalu itatambasuka m'lifupi mwake monse, koma ikangotsika pang'ono imayamba kudzikoka, kuchepa, mphepete zake n'kupindikira mkati. Pofika pa rola, pakati pamakhala pogwidwa bwino pamene m'mphepete mwakhwepa. Masitichi a m'mphepete ndiwo amayamba kugwa kapena kuunjikana, ndipo n'chifukwa chake mayi uja amakoleka tizitsulo ta zikhadabo m'mphepete osati pakati. Opanga makina anayankha podula rola m'zigawo zifupizifupi pamtanda umodzi, chigawo chilichonse ndi sipuling'i yake, kuti chigawo chimene nsalu yake yakhwepa chizungulire mopitirirako pang'ono. Zinathandiza, koma gwero la vutolo linatsala, ndilo mtunda. Mabedi awiri opendekeka aja sasiya malo pafupi ndi mpata, motero rola yaikulu imakhala kutali kunsi. Nsalu yoluka imatanuka, ndiye mphamvu imene rola yapereka imamwazika munsalu yonse ya pakatipo isanafike pa singano. Msodzi wosoka ukonde amaukola kuchala chake cha kuphazi pafupi ndi pamene akusoka, ndipo akasuntha amakolanso pena. Sakauzika kumapeto kwa ukondewo. Nzeru yomweyo inachititsa opanga makina kuika marola ena oonda m'mwamba, mmunsi mwenimweni mwa mpata, oti azigwira nsalu ikangotuluka, otseguka ndi kutsekeka malinga ndi pulogalamu.

Tsopano, kodi mphamvu yoyenera ndi yotani? Mmisiri watsopano akaona sitichi ikukwera ndi singano amangowonjezera mphamvu, vuto n'kuzimiririka pamaso pake. Apa m'pamene majuzi ambiri amawonongekera. Mu 1959, katswiri wa ku Britain, D. L. Munden, anasonyeza kuti nsalu yoluka ikasiyidwa kuti ipume, kukula kwake kumadalira kutalika kwa ulusi umene uli mu sitichi imodzi. Kaya unaikoka bwanji pamakina, ikalowa m'madzi masitichi amabwerera ku maonekedwe amene kutalika kwa ulusiwo kumawalola. Tanthauzo lake n'lakuti utali umene rola yawonjezera ndi ngongole. Juzi imatuluka pamakina yaitali ndi yopapatiza, woyeza n'kuivomereza, wogula n'kuichapa kamodzi, iyo n'kubwerera, manja afupika, thupi latambalala. Wogula amanena kuti ulusi unali wachabechabe, pamene cholakwa chinachitika kunsi kwa bedi la masingano. Zimandipweteka kwambiri zikachitika pa majuzi a ana a sukulu, chifukwa kholo limagula juzi imodzi kuti ithe nyengo yonse yozizira ya June ndi July.

Pali chinanso chobisika. Singano ikamatsika kukapanga sitichi yatsopano, siitenga ulusi wonse kuchokera ku koni imene ulusiwo unakulungidwapo. Wina imaba kwa masitichi oyandikana nawo amene angopangidwa kumene, chifukwa kumeneko ulusi umabwera mosavuta. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1960 anafotokoza bwino zimenezi. Nsalu ikakokedwa kwambiri pansi, masitichi atsopanowo amakana kubedwa, motero amatsala aatali pang'ono. Ndiye kuti mphamvu yokoka imasintha ngakhale kutalika kwa ulusi wa mu sitichi, kumene madzi sangakubweze. Makina awiri a mtundu umodzi, ulusi umodzi, pulogalamu imodzi, angatulutse manja a juzi osiyana utali chifukwa labala wa rola ya makina amodzi watha. Kampani ya Shima Seiki inapanga chipangizo chotchedwa DSCS choyeza ulusi umene ukulowa n'kumakonza kutalika kwa sitichi makina akuyenda, ndipo chimachepetsa vutoli, koma sichichotsa kufunika kokoka moyenera.

Kukoka mopitirira kuli ndi zotsatira zina zooneka pompopompo. Ulusi wofooka, monga wa cashmere kapena ubweya wa nkhosa wopota mofewa, umaduka n'kusiya mabowo. Tililime ta masingano timatha msanga, ngowe zimatanuka. Ulusi wosalala wa viscose umatuluka ndi zipsera za mano a rola zimene nthunzi siizichotsa nthawi zonse.

Zonsezi zikanakhala zosavuta kuzilinganiza chikhala kuti nsalu inali yofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Koma juzi yabwino siidulidwa ndi lumo. Tengani juzi ya pakaunjika, muyang'ane pamene mkono umakumana ndi thupi. Mukaona timizere ta masitichi topendekera mkati, tokhala ndi timfundo tating'ono motsatana, dziwani kuti chidutswacho chinalukidwa m'maonekedwe ake enieni, makina akuchepetsa masingano ogwira ntchito mzere ndi mzere. Njira imeneyi imapulumutsa ulusi wambiri umene ukanathera pansi pa tebulo la wodula, koma imasokoneza rola. Tiyerekeze kuti thupi la juzi layamba ndi masitichi 400 ndipo pofika paphewa atsala 100. Rola ikapitiriza kukoka ndi mphamvu imene inayamba nayo, sitichi iliyonse ya paphewa ikusenza katundu wochuluka kanayi. Mkono umachita zosiyana. Umayamba wopapatiza n'kumatambalala, ndipo masitichi atsopano a m'mphepete alibe nsalu pansi pawo imene rola ingagwire.

Kuchepa kwa masitichi kunathetsedwa ndi mota yolamulidwa ndi kompyuta. Pamakina a lero mphamvu yokoka imalembedwa m'pulogalamu, ndipo ingasinthe mzere uliwonse. Pamakina a Stoll, mwachitsanzo, wolemba pulogalamu amaika nambala yaing'ono ndi yaikulu ya mphamvu, n'kuzimangiriza ku chiwerengero chochepa ndi chochuluka cha masingano ogwira ntchito, makina n'kumawerengera okha za pakatipo. Angalamulenso kuti rola igwedeze nsalu kamodzi ngolo ikamatembenuka, kapena ibwerere m'mbuyo pang'ono kuti nsalu ikhwepe.

Kubwerera m'mbuyoko kuli ndi chifukwa chake, ndipo pano m'pamene luso la mmisiri limaonekera. Pochepetsa masitichi, kapena poluka maluwa opotana ngati chingwe aja, makina amasamutsa sitichi kuchoka pa singano ya bedi lina kupita pa ya bedi linalo, kenako bedi limodzi limasuntha chammbali, sitichi n'kubwezedwa pa singano ina. Pa nthawi yosamutsa, sitichi iyenera kukhala yokungika pang'ono kuti kasipuling'i ka pambali pa singano kaitsegule, singano yolandira ilowemo. Ikakhala yokhwepa, yolandirayo imaphonya, sitichi n'kugwa. Koma pamene bedi likusuntha chammbali, sitichi yomweyo imatanuka mopingasa, ndipo ikakhala ikukokedwanso pansi mwamphamvu imaduka. M'kanthawi kochepa sitichi imodzi ikufuna kukungidwa, kukhwefulidwa, kenako kukungidwanso. Palibe chitsulo cholendewera kapena wilo la mano limene lingachite zimenezo.

Vuto la poyambira linali lina. Chidutswa chikatha chopapatiza paphewa, chotsatira chiyenera kuyamba chotambalala m'chiuno. Kale ankalumikiza zidutswa ziwirizo ndi mizere yambiri ya ulusi wotaya, yoluka motambalala mpaka rola itagwira, ndipo pakati pake ankalukapo mzere umodzi wa ulusi woterera umene wantchito ankausolola pambuyo pake kuti zidutswa zilekane. Ulusi wotayawo ndi wotsika mtengo, inde, koma pa zidutswa zinayi za juzi iliyonse, pa majuzi zikwizikwi, umasanduka matumba a zinyalala, maola a makina oluka zopanda phindu, ndi anthu okhala pansi tsiku lonse kusolola ulusi. Opanga makina anabwerera ku chipeso cha mayi uja, koma chodziyendera chokha. Chidutswa chikatha chimagwetsedwa, masingano n'kutsala opanda kanthu. Chipeso cha ngowe zambirimbiri chimakwera mumpata wa pakati pa mabedi, makina amaluka mzere woyamba, nthawi zambiri wa ulusi wotanuka, ngowe zimaukola, ndipo chipeso chimatsika pang'onopang'ono chikukoka nsalu m'lifupi mwake monse mofanana. Nsalu ikafika pa marola iwo amatseka, ngowe zimamasula, chipeso chimakadikira pansi. Ubwino wake waukulu kwa ine n'ngwakuti mizere yoyambirira, imene imakhala lamba wa m'chiuno kapena wa pamkono wa juzi, imakokedwa mowongoka singano iliyonse payokha, ndipo mphepete sizipindika.

Chipeso chili ndi zofooka zake. Kukwera ndi kutsika kumadya masekondi pachidutswa chilichonse. Ngowe imodzi ikapindika imagunda singano kapena kuphonya ulusi, ndipo chidutswa chimayamba ndi bowo. N'chifukwa chake opanga makina a ku China, monga Cixing ya ku Ningbo imene inagula kampani ya Steiger ya ku Switzerland mu 2010, amagulitsabe makina a marola okha pambali pa a chipeso. Fakitale yoluka makolala, masikafu kapena zidutswa zowongoka siipindula kwenikweni ndi chipeso, ndipo imangodziwonjezera chinthu china choti chiwonongeke.

Mpaka pano takhala tikunena za kukoka kuchokera pansi. Pali maluko ena amene kukoka kotere, kaya n'kwanzeru bwanji, sikungawathe. Pofuna kuti phewa litsetsereke, kapena kuti nsalu ifufume monga chidendene cha sokosi ndi mphuno ya nsapato, makina amaluka masingano ena okha kwa mizere yambiri, ena ataima atagwira masitichi awo. Mbali imene ikulukidwa imakula n'kukhwepa, pamene mbali yoimayo siikula, motero mphamvu yonse ya rola imathera pa masitichi oimawo. Amene akufuna kukokedwa sakukokedwa, amene akufuna kupuma ndiwo akung'ambika. Kuwonjezera mphamvu kumaipitsa mbali ina, kuchepetsa kumaipitsa inzake.

Yankho linachokera pamwamba. M'zaka za m'ma 1960, akatswiri a kampani ya Courtaulds ku Britain anapanga kaphazi ka waya komangirira pa ngolo, kamene kamatsetsereka mumpata wa pakati pa mabedi n'kumapondereza masitichi akale pansi pa malo enieni amene masingano akukwera. Ngolo ikatembenuka, kaphazi kena koyang'ana mbali inayo kamalowa m'malo. Dubied anaika kaphazika pamakina ake, ndipo makina a panyumba a Passap amagwiritsa ntchito nzeru yofanana, n'chifukwa chake amaluka popanda zitsulo zolendewera. Nsalu yoluka motere imatuluka isanatanuke, masitichi ake ali ozungulira bwino, ndipo siibwerera kwambiri ikachapidwa. Koma kaphazi kamafuna malo. Nsalu ikakhala yothinana kamakhula ulusi, ndipo kaphazi koyenera luko la bedi limodzi sikayenera luko la mabedi awiri. Pamakina a Shima Seiki a lero kaphazi kotere kali ndi mota yakeyake, kamalowa ndi kutuluka pamene pulogalamu yanena.

Njira imene inafalikira kwambiri ndi ya masinka, tizitsulo topyapyala tokhala pakati pa singano ndi singano m'mphepete mwa bedi. Singano ikamakwera, sinka imaweramira kutsogolo n'kugwira ulusi wolumikiza sitichi ndi inzake. Singano ikamatsika, sinka imabwerera kuti sitichi ivuke. Makina a CMS amene Stoll inaonetsa pachionetsero cha ITMA ku Paris mu 1987 anabwera ndi masinka otere, ndipo Shima Seiki inaika kasipuling'i kumbuyo kwa sinka iliyonse kuti izigwira mofatsa, izigonja ikakumana ndi ulusi wochuluka m'malo moudula. Apa mphamvu yogwira nsalu yafika pamene inkafunika kuyambira masiku a Lee, pa sitichi iliyonse payokha, pa nthawi yokhayo imene singano yake ikukwera. Popanda masinka, nsapato zoluka zimene Nike ndi Adidas anatulutsa mu 2012 zikanakhala zovuta kwambiri kupanga, chimodzimodzinso masokosi othina a kuchipatala amene amalukidwa molingana ndi mwendo wotupa wa wodwala mmodzi.

Wina angafunse kuti, nanga masinka atabwera, marola akutsaliranji? Chifukwa chake n'chakuti sinka imagwira, siikoka. Imaletsa sitichi kukwera, koma siichotsa nsalu mumpata, siikunga sitichi posamutsa, ndiponso siithandiza mokwanira pamene singano imodzi yasenza ulusi kangapo, monga m'maluko okhuthala. Makina abwino a lero ali ndi zonse: masinka pamwamba, nthawi zina kaphazi, marola oonda mmunsi mwa mpata, chipeso choyambira, ndi rola yaikulu. Ena, monga makina ena a Stoll, m'malo mwa marola ali ndi malamba awiri oyang'anizana amene amagwira nsalu pamalo aakulu mofewa, osasiya zipsera. Ntchito ya wolemba pulogalamu ndi kugawa katundu pakati pa zonsezi, ndipo amene amaidziwa bwino ntchitoyi amapatsa zapamwamba gawo lalikulu, zapansi n'kungokoka pang'ono pokwanira kuti nsalu iziyenda.

Mayeso ovuta kuposa onse anabwera ndi juzi yoluka yathunthu, yopanda msoko. Shima Seiki, kampani imene Masahiro Shima anayambitsa ku Wakayama m'dziko la Japan mu 1962 ndipo inatchuka poyamba ndi makina oluka magolovesi, inaonetsa makina ake a WHOLEGARMENT pa ITMA ya ku Milan mu 1995. Makina otere amaluka machubu atatu nthawi imodzi, thupi pakati ndi manja mbali zonse, kenako pofika kukhwapa amawalumikiza n'kupitiriza mpaka pakhosi. Kutsogolo kwa juzi kuli pa bedi lina, kumsana pa linalo, ndipo ziwirizi zimatsikira mumpata umodzi zitagundana. Tsono kutsogolo ndi kumsana sizifanana. Khosi lakutsogolo limatsika, kumsana kumakwera, ndipo pali nthawi imene mbali imodzi ikulukidwa inayo itaima. Rola imapana nsalu ziwirizo pamodzi, siingakoke ina n'kusiya ina. Manja nawo amasunthidwa kulowera mkati mzere ndi mzere, ndiye amatsika mopendekeka.

Pamakina ake a mabedi anayi, Shima Seiki inaika mapanelo awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo, okhala ndi timinga tating'ono tokola nsalu. Panelo lililonse n'logawidwa m'zigawo za inchi imodzi ndi theka, ndipo chigawo chilichonse chimalamulidwa pachokha. Chimakwera, kukola, kukoka, kumasula, kukweranso. Motero makina angakoke kumsana kokha cha pakati, n'kusiya kutsogolo ndi manja. Ndi tizitsulo ta zikhadabo tija, tochuluka, todzikoleka ndi kudzimasula tokha. Zinatheka, ndipo majuzi otere amagulitsidwa m'masitolo akuluakulu monga a Uniqlo. Koma makinawa ndi okwera mtengo, ali ndi tizigawo tambiri toyenda, ndipo amafuna mmisiri wodziwadi. Majuzi ochuluka a padziko lapansi, ochokera ku Dalang ndi Puyuan ku China, ku Gazipur ku Bangladesh, ku Ludhiana ku India, ngakhale m'mafakitale a ku Mauritius ndi Madagascar, amalukidwabe zidutswazidutswa pamakina a marola ndi chipeso, n'kulumikizidwa pambuyo pake ndi anthu.

Amene akufuna kuyamba bizinesi yoluka nthawi zambiri amagula makina ogwirapo kale ntchito, ndipo wogulitsa amawayatsa, ngolo n'kumathamanga bwinobwino. Ndikadakonda ogula akadamatsegula zitseko za kunsi asanalipire. Labala wa marola amauma ndi zaka, amaterera ndi mafuta a masingano ndi phula la ulusi, ndipo amatha kwambiri pakati poti zidutswa zambiri zimalukidwa pakati pa bedi. Rola yotha pakati imagwira mphepete n'kusiya pakati, ndipo mzere umene unayenera kuwongoka umatuluka wopindika. Masipuling'i a zigawo amafooka mosiyanasiyana. Fumbi la ulusi limadzaza kuseri kwa masinka mpaka ena kuleka kuyenda. Kachipangizo koimitsa makina nsalu ikakulungika pa rola nthawi zina kamapezeka kataduliridwa waya ndi mwini wakale amene kankamutopetsa. Kuyesa kwenikweni ndi kuluka chidutswa chotambalala bedi lonse chokhala ndi mizere ya mitundu iwiri, kuchiyala patebulo, kuona ngati mizereyo yawongoka, kenako kuchichapa, kuchiumitsa ndi kuchiyezanso.

Chimene makina wamba a m'fakitale sachitabe ndi kuyeza mphamvu imene ikufika pa sitichi yeniyeniyo. Nambala ya m'pulogalamu imanena za mota, osati za ulusi. Pakati pa mota ndi sitichi pali labala, pali kutanuka kwa nsalu, pali kukhula kwa nsaluyo m'mphepete mwa bedi. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa amaimitsa ngolo, kupisa dzanja kunsi kwa mabedi, n'kukhudza nsalu pakati ndi m'mphepete kuti amve mmene yakungikira. Ndipo nambala zimene zinagwira bwino pa ulusi woyera sizidalirika pa wakuda wa mtundu womwewo, chifukwa utoto wochuluka umaumitsa ulusi ndi kusintha katanukidwe kake. Ulusi ukasintha mtundu, kapena ukabwera wa katundu wina, chidutswa choyesera chiyenera kulukidwanso, kuchapidwa ndi kuyezedwa makina onse asanayatsidwe.